Ndinabwerako ku Chinde ndi Mbereko Yokha

1

Ndinapita ku Chinde ndili ndi mwana kumsana, ndinabwerako ndi mbereko yokha. Mwanayo sanamwalire ayi. Akanamwalira bwenzi ndili ndi manda oti ndizikalirirapo.

Dzina langa ndine Esinala, Mmang'anja wa ku Nsanje, kumene azungu ankati Port Herald. Masiku amenewo njanji inali isanafike ku Zambezi, choncho katundu ndi anthu ankayenda pa sitima za pamadzi. Ine ndinkagulitsa nthochi ndi mbatata padoko, ndipo ndi pamenepo ndinakumana ndi Kaitano.

Kaitano anali Msena wa ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja ya mchere. Ntchito yake inali kuima kutsogolo kwa sitima ndi nsungwi yaitali, kuyeza madzi, n'kumafuulira woyendetsa kuti asakatitimire mumchenga. Anali munthu wosaponda asanayeze. Ndikanaiganizira bwino ntchito yakeyo ndikanamuopa, koma iye anali ndi mano oyera ndi pakamwa potsekemera, ndipo ine ndinali pa msinkhu wopusa.

Anandikwatira mwa mwambo wathu wa chikamwini. Anamanga nyumba pamudzi pa amayi, n'kumabwera sitima ikakocheza. Ulendo wina anandibweretsera mikanda ya m'chiuno, yofiira yokhayokha, pakati pake atatungapo kachigoba koyera ka nkhono ya kunyanja.

"Ndatunga ndekha," anatero. "Pa Shire yense ndi Zambezi yemwe palibe mkazi wina ali nayo."

Kenaka anabadwa Priska, ndipo mkangano wathu unakhala umodzi wokha.

"Kwathu mwana ndi wa bambo," ankatero akumuseweretsa pamiyendo.

"Kwanu komweko," ndinkamuyankha. "Kuno mwana ndi wa amake ndi atsibweni ake. Inu ndinu tambala wobwereka. Anapiye amatsata thadzi."

Sankakwiya. Ankangoseka n'kunena m'Chisena chake kuti, "Pyadidi," ndiye kuti zili bwino.

2

Priska atayamba kuthamanga ndi kutchula timawu, Kaitano anafika ndi amuna awiri a kwawo atasenza mitolo. Anakaitula kwa atsibweni anga a Lazaro, mlongo wawo wa amayi, amene anali nkhoswe yanga. Munali nsalu, makasu atsopano, mchere, ndi chijasi chakuda cha mabatani a mkuwa. Zina anaziika m'mbale yatsopano n'kuvundikira ndi kansalu koyera.

"Mwalandira, baba?" anafunsa wamkulu wa alendowo.

"Ndalandira!" anayankha atsibweni, maso ali pa jasi.

"Mwalandira ndi mtima umodzi, pamaso pa anthu?"

"Aa, kodi ndilumbire? Ndalandira ndithu!"

Alendo aja anaomba m'manja mwaulemu, ife akazi tikuseka kuseri kwa nkhokwe kuti Asena ngakhale mphatso amaichita ngati mlandu. Atsibweni anavala jasi lija tsiku lomwelo, m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala, thukuta lili kamukamu, n'kuzungulira nalo mudzi wonse.

Madzulo ake Kaitano anandiitana.

"Amake Priska, wakhala ukundivutitsa kuti ukaone bara. Konzeka."

Bara ndi dzina la nyanja ya mchere m'Chisena. Anali atandisimbira zambiri za madzi opanda tsidya, ndipo ine ndinkalota.

"Mlongo wanga Clotilda akulira kuti sanamuonepo mwana," anawonjeza. "Tikacheza, mwezi ukatha tibwerako."

Ndinavina pabwalo. Amayi anandiyang'ana osaseka.

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," anatero. "Pita wekha, mwanayu undisiyire."

"Mwana woyamwa, amayi? Ayamwa chiyani, fodya wanu?"

Anthu anaseka. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine langa linali litagontha ndi nyanja.

3

Tinakwera pa chibwato cha katundu chomangiriridwa m'mbali mwa sitima, pamene ankakhala anthu akuda. Tinadutsa phiri la Morumbala, tinalowa m'Zambezi, tinaona mvuu ndi minda ya nzimbe yosatha. Kutsogolo mawu a mwamuna wanga ankamveka akutchula kuya kwa madzi, ine ndikunyadira kuti amene akufuulayo ndi wanga.

Chinde ndi mudzi womangidwa pamchenga. Ukaponda phazi limalowa. Nyumba za malata zinali m'mizere, masitolo a amwenye akununkha zokometsera ndiwo, azungu akunyamulidwa pa machira, ndipo paliponse panali mitengo ya kokonati. Ndinamva zilankhulo zimene sindinazimvepo. Koma phokoso lina linkamveka kuseri kwa zonsezo, ngati mvula yamkuntho imene sikufika.

"Ndi chiyani chimenecho?" ndinafunsa.

"Ndi chimene wadzera," anatero Kaitano.

Nyumba ya Clotilda inali payokha, m'kati mwa mitengo ya kokonati. Anali mayi wamtali, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, wovala bwino, ndipo pakhomo pake panalibe chidole ngakhale chimodzi. Anatuluka akuthamanga, koma sanayang'ane ine kapena Kaitano. Anazungulira kumbuyo kwanga, n'kumasula mbereko.

"Takhuta, takhuta," ankangobwereza, misozi ili mbwembwembwe. Ndiye kuti zikomo.

Ndinaganiza kuti, azakhali okonda mwana chotere ndi mwayi wanga. Anandiyalira mphasa yabwino, anandiphikira mpunga wa kokonati, ndipo sankandilola kugwira ngakhale tsache.

"Ndiwe mlendo, mlamu. Ntchito yako ndi kuona dziko."

Azimayi oyandikana nawo ankabwera kudzandiona, koma ndikawayankhula Chisena changa cha padoko ankayang'anizana n'kutsanzika msanga. Ndinkayesa akundinyoza kuti ndine wa kumtunda.

4

Tsiku loyamba tinapita tonse kunyanja. Sindikunamizani, ndinagwada pamchenga. Madzi anali kubwera ataimirira, oyera kumutu, n'kudzagwa pamapazi anga, kenaka n'kubwerera ngati aiwala kanthu. Ndinalawa, ndinalavula, Kaitano anaseka mpaka kukhala pansi. Kutali kunali chisitima chachikulu ngati phiri, ndipo anandionetsa mmene ankatsitsira anthu m'chidengu cholendewera pachingwe kuti alowe m'sitima yaing'ono. Priska ankathamangitsa nkhanu, Clotilda ali pambuyo pake.

Ulendo wachiwiri unali wa m'bwato, kukaona nkhalango yomera m'madzi a mchere.

"Kuli udzudzu woopsa," anatero Clotilda. "Mwana atsale. Mubwerako dzuwa lisanakwere."

Ndinakayika, koma ndinapita. Mitengo yake inali itaimira pa mizu ngati miyendo ya kangaude, ndipo madzi ataphwa matope onse anadzaza nkhanu za dzanja limodzi lalikulu, ndi tinsomba toyenda pamtunda. Nditabwerako ndinapeza Priska atalira mpaka mawu kusasa.

Ulendo wachitatu tinapita ku minda ya kokonati, tinabwerako dzuwa litapendeka. Priska anali atalira pang'ono chabe. Wachinayi tinakaona asodzi akukoka khoka pamchenga woyera kutsidya, tinafika kutada. Ndinamupeza akuseka, akudya phala la shuga m'manja mwa Clotilda. Ndinakondwa. Taonani kupusa kwanga, ndinakondwa ndithu.

Kenaka Kaitano anatchula chisumbu cha mbalame, kumene anati mchenga suoneka chifukwa cha mapiko. Kumeneko kunali kogona.

"Sindingathe," ndinatero. "Nanga mwana ayamwa kuti?"

Clotilda anaomba m'manja modabwa.

"Mlamu, mwana wa mano odzaza m'kamwa akuyamwabe? Kuno akuseka kale. Ndiponso Kaitano akufuna Priska apeze mng'ono wake. Zitheka bwanji uyu akadali pabere?"

Kaitano anayang'ana pansi akumwetulira, ine manyazi ndi chimwemwe zinandigwirira pamodzi. Clotilda anasinja tsabola, koma amene anapaka pamabere ndine, ndi chala changa. Priska anabwera akuthamanga monga mwa masiku onse, n'kukwera pamiyendo panga. Atangoyamwa anakuwa kukuwa kumene ndimakumva mpaka lero. Anandiyang'ana ngati ndasanduka njoka, n'kuthawira m'manja mwa Clotilda, amene anali chire ndi chikho cha madzi a kokonati.

Mawa lake tinabwereza, mkuja wakenso. Pofika pamenepo mwana wanga ankati akandiona ankabisala kuseri kwa nsalu ya azakhali ake.

"Aiwala," anatero Clotilda. "Ana onse amatero."

5

Chisumbu cha mbalame sindinachione. Tinanyamuka m'mawa, koma mphepo inauka, opalasa anakana, bwato linabwerera. Kaitano anati akadzere kudoko, ine ndinalunjika kunyumba ndekha, mabere akundiwawa, ndikuganiza kuti mwambo kapena ayi, lero mwana wanga ayamwa.

Pakhomo panali zii. Ndinamva madzi kuseri, m'kampanda kosambira, ndi mawu a Clotilda.

"Nena, mama."

"Mama."

"Mama ndi ndani?"

Ndinasuzumira pampata wa mpanda. Priska anali kuloza Clotilda ndi kachala kake. Koma chimene chinandiumitsa thupi si chimenecho. Clotilda anali atavula, ndipo m'chiuno mwake munali mikanda yofiira yokhayokha, pakati pake kachigoba koyera. Yake inali yakale, yofwifwa ndi thukuta la zaka.

Inu azimayi anzanga mukudziwa. Palibe mwamuna amene amatungira mlongo wake mikanda ya m'chiuno.

Ndinakankha chitseko cha bango chija.

"Ndinu ndani kwa Kaitano?"

Sanadzidzimuke. Anadzimanga nsalu mosafulumira, n'kunyamula mwana.

"Wabwera msanga," anatero. "Chabwino, ndatopa nako kukutchula mlamu. Kaitano anandilowola iwe usanamere mabere. Mimba zanga zonse zinapita padera, abale ake ankafuna andithamangitse. Iye anati, dikira, ndikubweretsera mwana. Ndadikira."

"Ameneyo ndi mwana wanga!"

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Si mwambi wa kwanu umenewo?"

Pamenepo maulendo onse aja anandibwerera m'mutu, uliwonse wotalikirapo kuposa unzake. Sankandionetsa dziko ayi. Ankayeza kuti mwana angathe kukhala nthawi yotalika bwanji popanda ine, monga mmene Kaitano ankayezera madzi ndi nsungwi.

6

Mlandu unakambidwa masana omwewo pansi pa mtengo wa mango, pamaso pa akuluakulu a mbumba ya Kaitano. Amuna awiri a mitolo aja analipo.

"Atsibweni ake analandira?" anafunsa mkulu wina.

"Analandira, pamaso pa anthu. Tinafunsa kawiri."

"Inali mphatso!" ndinakuwa. "Kwathu sitilowola! Mkamwini akapereka kanthu ndi ulemu chabe!"

"Mbale yovundikira, mboni, ndi kuomba m'manja, mphatso imeneyo?" anatero mkuluyo. "Mai, chimenecho ndi chuma cha ukwati. Chuma chikalowa, mwana ndi wa bambo."

Ndinatembenukira kwa Kaitano. Ndinkayembekeza kuti achita manyazi, koma nkhope yake inali ya tsiku lililonse.

"Unkati ndine tambala wobwereka," anatero. "Tambala uja wagula mwanapiye. Thadzi silikufunika. Mkaziyu ndamusiya, akuluakulu, ndipo chuma sindiitanitsa."

Ndinagwada. Ine Esinala wa pakamwa pakuthwa ndinakwawa pamchenga mpaka pamapazi a Clotilda.

"Ndisiyeni ndikhale. Ndizikutungirani madzi, ndizisinja, ndizigona kukhitchini. Sindidzamuuza kuti ndine amake. Ndizingomuona basi."

"Nkhabe," anakana. "Ukakhala pano sadzandizolowera."

Ndinalumpha, ndinamulanda mwana, n'kumukanikiza pachifuwa kuti ndithawe naye. Priska atangomva fungo la bere anayamba kuphiriphitha, akundimenya kumaso ndi timanja take.

"Kuwawa! Kuwawa! Mama!"

Mama ameneyo sanali ine. Anatambasula manja kwa Clotilda, ndipo akuluakulu anagwedeza mitu.

"Mwaona? Ngakhale mwana akudziwa kwawo."

M'mawa mwake amuna anayi anandinyamula ngati thumba la mpunga n'kundiponya pa chibwato cha katundu. Mbereko ndinali nditaimanga m'chiuno. Mkaka unkatuluka wokha n'kunyowetsa nsalu, ntchentche zikunditsata, anthu akusuntha kundipatsa malo. Ndipo sitima yake inali yomweyo ya Kaitano. Ulendo wonse wokwera Zambezi ndi Shire ndinkamumva kutsogolo akutchula kuya kwa madzi ndi mawu osanjenjemera. Sanacheuke ngakhale kamodzi. Titafika ku Nsanje sanatsike, ndipo sanadzaonekenso pa doko lathu.

7

Atsibweni ndinawapeza atavala jasi lija.

"Ine ndimayesa mphatso, mwana wanga," anatero.

"Vulani tikabweze."

Koma tikabweza chiyani? Nsalu anali atagawana mudzi wonse, makasu ali kudimba, mchere unathera m'ndiwo. Mwana wanga tinamudya tonse osadziwa. Tinakadandaula kwa oweruza milandu, iwo anati nkhani ya ku dziko la Apwitikizi siikambidwa kuno.

Amayi sananene kuti ndinakuuza. Akananena mwina ndikanapeza wokangana naye. Anangotenthetsa madzi n'kumandithowa mabere mpaka mkaka unauma.

8

Zaka zinapita, njanji inafika ku Zambezi, ine sindinakwatiwenso. Chaka cha namondwe wamkulu tinamva kuti Chinde waphwasuka. Ndinagulitsa mbuzi zanga n'kunyamuka.

Ndinapeza masitima atakhala pamtunda ngati nsomba zakufa, malata atapindika m'mitengo. Pamene panali nyumba ya Clotilda panali mafunde. Anthu anandiuza kuti Kaitano anapita ku Beira ndi mkazi wina, koma Clotilda ndi mwana wake ali moyo, amanga chisakasa kumtunda.

Priska ndinamupeza pachitsime. Anali namwali wongosinkhuka, wa mpata kumano ngati amayi anga. Ndinapempha madzi. Anagwada pondipatsa, mwana woleredwa bwino.

"Ndinu a kumtunda, mai?" anafunsa m'Chisena. "Mwabwera kudzaona nyanja?"

"Wadziwa bwanji?"

"Onse a kumtunda amadzera yomweyo. Amene anandibala analinso a kumeneko."

"Ali kuti?"

Anayankha mopanda mkwiyo, ngati akunena za mvula ya chaka chatha.

"Anabwera kudzaona nyanja, inawakomera. Tsiku ndi tsiku anali m'bwato kukaona nkhanu ndi mbalame, ine ndikulira pakhomo. Mapeto ake anadzipaka tsabola kuti ndisamawasokoneze maulendo, kenaka anakwera sitima. Mama Clotilda ndi amene ananditola."

Ndinafunafuna bodza m'mawu amenewo kuti ndiligwire, koma chilichonse chinachitikadi. M'bwato ndinakwera. Tsabola ndinapaka.

"Priska," ndinatero, "ndine amako."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumaso mpaka kumapazi. Sanalire, sanatukwane. Anatenga chikho chake m'manja mwanga, anasenza mtsuko, n'kuloza ndi chibwano.

"Nyanja ili uko, mai. Tsatani kanjira aka, simusochera."

9

Inu amene mukuwerenga, anthu amandifunsa ngati ku Chinde n'kokongola. Ndimafuna nditati ayi, koma n'kokongola, ndipo ndi chimene chimandipweteka. Ndikatseka maso ndimaonabe mchenga woyera uja, ndipo mtima wanga wopanda manyaziwu umakumbuka kuti unakondwa.

Sindikuti musamayende. Yendani, dziko ndi lalikulu. Koma mkamwini akabwera ndi mbale yovundikira, funsani dzina la chimene mukulandira musanaombe m'manja. Mukakwatirana ndi wa mwambo wina, musamaseke mwambo wake monga ndinkachitira ine, chifukwa pamene inu mukuseka mwini wake akuwerengera. Ndipo munthu akakukomerani mtima mpaka kukulandani tsache ndi mwana yemwe kuti mupume, dzifunseni kuti mukupumira chiyani.

Mwina mukufunsa ngati ndinamutsatira Priska kuchisakasa kuja, kukakuwa, kukafotokoza. Sindinatero. Ndinaima pachitsime mpaka mtsuko wake unabisika m'mitengo ya kokonati, kenaka ndinatsata kanjira kaja mpaka kunyanja, n'kukhala pamchenga. Chibadwire chake, chimenecho ndicho chinthu chokha chimene mwana wanga anandiuza kuti ndichite.